Chala Changa Chinavota Ine Ndisanavote

Anthu akayamba kukamba za referendamu ya 1993, aliyense amatukula chifuwa. Uyu akuti anadzuka kusanache, uyo akuti anayenda wapansi kuchokera ku Kaning'ina. Ine ndimangoti, "Eee, linali tsiku lalikulu," kenako ndimafunsa ngati pali wofuna tiyi. Lero ndatopa nako kubisa, ndiulule basi. Koma musandiseke kwambiri, poti mkazi wanga wandiseka kale mokwanira dziko lonse.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina ku Mzuzu, tikukhala ku Katoto. Ndinabadwira ku Zomba, ndinakulira ku Zomba, koma bambo anga anali a kumpoto. Ndiye chaka chija aphunzitsi anauzidwa kuti aliyense abwerere kwawo, ine ananditumiza kwathu kumene ndinali ndisanagoneko ndi tsiku limodzi lomwe. Chitumbuka changa chonse chinali "yewo chomene", ndiko kuti zikomo kwambiri, ndipo ndinkamuyankha nacho aliyense, ngakhale wondifunsa nthawi. Ndinasiya mayi anga akudwala ku Zomba, popanda wondifunsa kuti kodi iwe ukuti bwanji. Zinandiwawa, ndipo sizinasiye kundiwawa ngakhale nditapeza mkazi wabwino ku Mzuzu komweko.

Ndiye atalengeza kuti tidzavota, nyali kwa ofuna zipani zambiri, tambala wakuda kwa ofuna chipani chimodzi, ndinati apa pokha ndiyankhula. Zaka zanga zonse makumi atatu ndi zisanu dziko lisanandifunsepo kanthu! Kapepala kolembetsera ndinakabisa m'buku lalikulu la bayoloje, ndipo ndinkakasuzumira m'mawa uliwonse ngati kangathawe.

Tsopano ndikuuzeni za chimene chinandipachika. Pali kachikumbu kena kachikasu ndi kakuda, kotalika ngati kachala ka mwana, kamene kamabisala pansi pa miyala ndi zipika zonyowa. Dzina lake lenileni m'Chichewa sindilidziwa mpaka lero. Ine ndinkangokatcha kamfuti. Ukakagwira, kamapinda matako n'kukulozetsa, kenako umangomva kuti phaa! Kautsi kamafuka, ndipo pamene kakuwombera pamatentha ngati mwadonthera madzi owira. Ndinkatikonda tizikumbu timeneti mopitirira muyezo. Ndinali nditatola tisanu ndi tiwiri m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina kuti ndikaonetse a Fomu 3, ndipo ndinatisunga m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, ndikumatidyetsa chiswe. (Botololo linali la shuga la mkazi wanga, NyaHarawa. Ndinali nditamuuza kuti ndabwereka masiku awiri. Unali mwezi wachiwiri.)

Lamulungu, mawa lake kuli kuvota, NyaHarawa anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Awiske Tiwonge," ndimo amandiitanira, Tiwonge ndi mwana wathu woyamba, "mawa dziko likusintha. Botolo langa nalo lisinthe. Lero lomwe."

"Chopanira chotigwirira ndasiya kusukulu, mayi. Tidikire Lachiwiri."

"Yayi. Kaya mutigwira ndi mano, ine botolo langa."

Munthu wanzeru akanapendeketsa botolo n'kutikhuthulira m'chitini. Ine ayi. Ndinafuna kumuonetsa mkazi wanga kuti anakwatiwa ndi katswiri. Ndinati ine ndimatidziwa timeneti, ukatigwira mofatsa sitiwombera. Ndinapisa dzanja lamanja m'botolomo.

Abale, tonse tisanu ndi tiwiri tinagwirizana chimodzi. Phaa! Phaa! Phaphaphaa! M'botolo munadzaza utsi. Pofuna kutulutsa dzanja ndinakunga chibakera, chibakera n'kukanirira pakamwa pa botolo, ndiye ndinavina nalo botololo pakhonde ponse ngati ndavala golovesi yagalasi, tizikumbu tikupitiriza ntchito yake pa chala changa cha mkombaphala. NyaHarawa anaseka mpaka anakhala pansi. Botolo analipeza, sindikana, ndipo tizikumbu tinasamukira m'chitini.

Ululu unatha msanga. Chimene sichinathe ndi mtundu. Mankhwala a kamfuti amadetsa khungu, ndipo pofika masana chala changa chinali bii, kuyambira kunsonga mpaka pamfundo yoyamba, chikhadabo chomwe. Ndinkachiyang'ana monyadira, mpaka NyaHarawa anachiona n'kunena kuti:

"Mwavota kale imwe. Si ndimo akunenera pa wailesi, kuti ovota azinyika chala mu inki?"

Ndinayamba ndi sopo. Palibe. Ndinafinyirapo ndimu, ndinangolira nayo. Phulusa, palibe. Ndinatenga mwala wokhulira kumapazi, ndinakhula mpaka m'mbali munasupuka, koma pakati pali bii pomwepo. Pomaliza ndinachinyika mu parafini. Ndinagona ndi chala chakuda, chosupuka m'mbali, chonunkha ndimu ndi parafini. Sindinaganize n'komwe kuti chinali chitafanana ndendende ndi chala cha munthu amene wavota n'kuyesetsa kufufuta umboni.

Lolemba kunacha ndi kuzizira kwa ku Mzuzu kuja, chifunga chili tolo, kamvula kakuwaza. Tinkavotera pa sukulu ina ya pulayimale. NyaHarawa anali pa mzere wa amayi, ine wa abambo, dzanja lili m'thumba. Kumbuyo kwanga kunali Che Yusufu, mwini golosale ya pafupi ndi kwathu, munthu wa ku Machinga, amene tinkakonda kucheza chifukwa tonse tinkalakalaka dzuwa la kummwera.

"Aphunzitsi, mukununkha parafini bwanji?" anandinong'oneza. "Nyali mwachita kubwera nayo m'thumba? Bisani pang'ono, voti ndi yachinsinsi."

Ndinaseka, dzanja ndikulikankhirabe m'thumba.

Nditafika pa tebulo, dzina langa linapezeka bwinobwino. Ndinasuntha kufika pa mayi wa inki. Anati nditambasule manja. Ndinatambasula lamanzere lokha. Anati onse. Ndinatulutsa linalo pang'onopang'ono.

Mayiyo anachiyang'ana chala, anachinunkhiza, kenako anandiyang'ana kumaso mwachisoni, ngati wagwira mbusa akuba nkhuku.

"Adada, imwe mwavota kale. A Chavula! Tabwerani muone."

A Chavula anali mkulu wa pamalopo, hedimasitala wa sukuluyo komanso mkulu wa mpingo, bambo wamtali wa chijekete chofika m'mawondo. Pambuyo pawo panabwera mamonitala awiri, wina woimira a nyali, wina woimira a tambala, anthu amene kuyambira m'mawa anali asanapatsane ndi moni womwe.

"Asambizgi," anatero a Chavula (ndiko kuti aphunzitsi), "ichi n'chiyani?"

"Bwana, si inki. Ndi kachilombo kandiwombera."

A Chavula anawerama n'kuchiyang'anitsitsa chalacho.

"Kakuwomberani."

"Eya bwana. Ndi matako."

Wina kumbuyo anaphulika nako kuseka. A Chavula sanaseke. Ndinawauza kuti malo atsegulidwa ola limodzi lapitalo, ndikanavota kuti? Monitala wa tambala anati ku Katawa si kutali, munthu wa njinga atha kuvota uko n'kubwera kuno. Anati awa ndi a nyali, akuba mavoti, onani akununkha ndi parafini yemwe. Monitala wa nyali anakana kwamtuwagalu. Anati tamverani Chichewa chawocho, si munthu wakuno uyu, achita kumutumiza kuti adzachulukitse atambala. Anakangana mpaka thovu kukamwa, koma pa mfundo imodzi anagwirizana: ndisavote.

Apa ndiye mtima unandipweteka zenizeni. Ku Zomba anandichotsa chifukwa ndine wakumpoto, ku Mzuzu akundikana chifukwa ndine wakummwera, ndipo tsiku limodzi lokhalo limene dziko limandifunsa maganizo, ndalandidwa ndi matako a kachikumbu. Misozi inali pafupi.

"Bwana, ndikabweretse mboni," ndinatero.

"Mboni yake ndani?"

"Kachilomboko."

A Chavula anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti pa maphunziro awo onse a zachisankho, nkhani iyi sinakambidwe. Kenako anati, "Lutani, kakatengeni. Koma mukabwera ndi nthabwala, ndikuitanirani apolisi."

Che Yusufu anandibwereka njinga yawo yonyamulira katundu, yopanda mabuleki, n'kulonjeza kundisungira malo. Ndinapalasa ngati wamisala, ndinaima pogunda mpanda wa kwathu, ndinatenga chitini chija n'kubwerera. Nditafika, anthu ena amene anali atavota kale anali asanapite kwawo. Mbiri inali itamveka kuti mphunzitsi wapita kukatenga kachilombo kovota.

Ndinagwedezera kamodzi pa tebulo, pakati pa botolo la inki ndi buku la maina. Anthu anaunjikana pazenera. Ndinatenga pensulo ya a Chavula n'kukagogoda pamsana.

Kanangokhala.

Ndinakakanda mwendo. Kanasuntha pang'ono, n'kukhalanso. Kuzizira kunali kutakafoola, komanso zipolopolo zambiri kanali katathera pa ine dzulo lake. Ndinayesa kachikumbu kachiwiri, kenako kachitatu. Tizikumbu tonseto tinali phee, tofatsa ngati ana a kwaya. Ndinatibweza m'chitini, n'kutenga kakakulu kuposa tonse, kukakulunga m'kampango kanga ka m'thumba, kukaika m'khwapa kuti kafunde. Ndiye tangoganizani: mphunzitsi wa sekondale, tayi ali pakhosi, waima pakati pa malo ovotera akufungatira kachikumbu m'khwapa ngati nkhuku ya mazira.

Podikira kuti kafunde, matenda a uphunzitsi anandigwira. Ndinayamba kuphunzitsa.

"Mukuona, bwana, kumatako kwake kali ndi tizipinda tiwiri, pakati pali kachitseko. M'kachipinda koyamba kamasungamo mankhwala, ndipo ali m'menemo sachita kanthu. M'kachipinda kachiwiri, kolimba makoma, muli tinthu tina towautsa. Kakaopsezedwa kamatsegula kachitseko, mankhwala akangolowa m'chipinda chachiwiricho amawira nthawi yomweyo n'kuphulikira kunja. Ndipo kamatha kulozetsa kulikonse, kutsogolo, m'mbali, ngakhale pamsana pake."

"Mwamva?" anakuwa monitala wa nyali, akuloza mnzake. "Zipinda ziwiri! Chipinda chimodzi sichichita kanthu! Ndi kachilombo komwe kakudziwa!"

"Tadikirani," anatero wa tambala. "Asambizgi, kanayamba tsiku limodzi kuwombera kameneka?"

Ndinati ayi. Ndinafotokoza kuti achibale ake ena mpaka lero amangotulutsa timadzi tonunkha towawa, osaphulika. Ena thovu lotentha limangoyenderera pamsana. Mwa makolo ake akalekale, kamene kanali ndi mankhwala owawirapo kankalavulidwa ndi achule n'kukabereka ana, kofatsa kankamezedwa. Pang'onopang'ono, mibadwo ndi mibadwo, zaka zosawerengeka, mpaka kufika pa mfuti.

"Ehee!" anatero wa tambala, akuwomba m'manja. "Pang'onopang'ono! Zaka zosawerengeka! Osati kudzuka Lolemba m'mawa n'kumati tisinthe!"

"Kofatsa kankamezedwa, simunamve?" anabweza wa nyali. "Ife tamezedwa zaka zingati?"

A Chavula anamenya tebulo. Anati pano si pamsonkhano, ndipo kampeni inatsekedwa kale. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ya mkulu wa mpingo itabwera. "Ndipo inu asambizgi, za achulezo mukaphunzitse kwanu. Kachilombo aka kanalengedwa tsiku limodzi, mfuti ili kale. Katulutseni tione. Anthu akuzizidwa panja."

Ndinakavundukula pa tebulo. Tsopano kanali katafunda, tinyanga tikugwedera. Ndinakagogoda ndi pensulo. Kanayenda masitepe atatu n'kuima pa buku la maina ngati kakufuna dzina lake. Osawombera.

"Basi, ndaona zokwanira," anatero a Chavula. "Chotsani chinthu chanuchi." Ndipo pofuna kukakankha kuti kachoke pa buku, anakadinikiza pamsana ndi chala cha mkombaphala cha dzanja lamanja.

Phaa! Phaa! Phaa!

Sindinaonepo bambo wamtali chotero akudumpha chotero. Chijekete chinauluka. Anakuwa mawu ena a Chitumbuka amene NyaHarawa mpaka lero amakana kundimasulira, amangoti si a mkulu wa mpingo. Pazenera anthu anabalalika, ena akukuwa kuti kwaphulika, ena akubwerera kudzafunsa ngati kangabwerezenso. Kamfuti kanathamanga pa tebulo kulunjika ku botolo la inki. Ndinakavindikira ndi kampango kaja, ndipo kanawomberamo kanayi kapena kasanu, ukali wonse utabwerera. Ndinakakutumulira m'chitini, n'kubweza kampangoko m'thumba. (Kumbukirani kampango kameneka. Ine ndinakaiwala.)

A Chavula anali akupemerera chala. Tonse tinkayang'ana. Chinayamba chikasu, kenako chofiirira, kenako chikunka chiderabe. Mayi wa inki anachigwira, anachitembenuza, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Bwana, kodi imwe mwavota?"

Anali asanavote. Ogwira ntchito pamalopo anali atagwirizana kuti avota pomaliza.

Monitala wa nyali anati lamulo ndi lamulo, chala chakuda sichivota. Wa tambala anavomera. Kachiwiri tsiku limenelo anagwirizana, ndipo ankaoneka kuti ayamba kukondana. A Chavula anayang'ana chala chawo, anayang'ana changa. Ndinaona pankhope pawo kuti nawonso tsikuli analidikira zaka zambiri, kaya anali mbali iti. Anakhosomola, anakonza jekete, n'kugamula kuti malinga ndi umboni umene waperekedwa pamaso pa onse, anthu owomberedwa ndi kachilombo azinyika chala chakumanzere. Mamonitala anasaina. Che Yusufu anakuwa ali pakhomo kuti, "Aphunzitsi awina apilo!" ndipo mzere wonse unawomba m'manja.

Anandinyika chala chakumanzere. Anandipatsa mapepala awiri, la nyali ndi la tambala, ndi envulopu. Malangizo anali osavuta: lowa m'kachipinda, pepala limene ukufuna uike mu envulopu, linalo uponye m'bokosi la zotaya lili momwemo, utuluke ukaponye envulopu m'bokosi lalikulu. Mwana wa Sitandade 1 akanatha.

Ndinalowa, ndinakoka nsalu. Munali zii. Ndinayang'ana kanyali kaja papepala, ndipo zonse zinandibwerera: lole imene inanyamula katundu wanga ku Zomba, mayi anga ataima pamsewu atagwira ndodo, makalata amene ndinkaopa kulemba. Ndinalira, abale, osati pang'ono. Misozi ikugwera pa tayi. Ndiye ndinachita chimene munthu aliyense wolira amachita. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa kampango, n'kupukuta m'maso monse muwiri, mwamphamvu.

Mayo ine! Tsabola ndi wofatsa. Maso anatsekeka okha, moto uli lawilawi, mphuno ikutuluka madzi. Mapepala onse awiri anagwa pansi. Ndinagwada n'kuyamba kufufuza ndi manja, ndinagunda mutu ku tebulo, ndinawapeza. Koma lanyali ndi liti? Ndinayesa kutsegula diso limodzi ndi zala, ndinangoona chifunga ndi kanthu kakuda pakati. Pepala linalo, chifunga ndi kanthu kakuda pakati. Ndinayesa kupapasa, ngati tambala angamveke nthenga.

"Asambizgi, muli makora m'menemo?" anafunsa a Chavula kunja. "Mwayambanso kuphunzitsa?"

"Ndili bwino, bwana!"

Ndikanatha kudikira kuti maso atseguke. Ndikanatha kupempha madzi. Koma ndinali nditaimitsa kale mzere kwa ola lathunthu, anthu akuzizidwa, ndipo manyazi anandikulira kuti ndituluke n'kunena kuti kachilombo kaja kandiwomberanso, ulendo uno kudzera m'kampango. Ndinadziuza kuti pepala la nyali linagwera kumanja. Kapena linali kumanja lisanagwe? Ndinasankha limodzi, ndinaika mu envulopu, linalo ndinaponya m'bokosi la zotaya. Ndinatuluka ndikupapasa, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu, ndipo mayi wa inki anandigwira dzanja kundilondolera pa bokosi.

Anthu ataona misoziyo anakhudzidwa kwambiri. Mayi wina analira nane. Monitala wa nyali anandikumbatira, wa tambala anandigwira chanza nati ngakhale tisiyane maganizo, munthu wokonda dziko lake amaoneka. Che Yusufu atavota anandikweza pa kaliyala ya njinga yawo, ndipo njira yonse ankauza aliyense kuti aphunzitsi awa avota ndi mtima wonse.

Kunyumba NyaHarawa ananditsuka m'maso ndi madzi ambiri, akuseka ndi kundimvera chisoni nthawi imodzi. Maso atatseguka anandifunsa monong'ona, "Ndiye mwaiyatsa nyali, awiske Tiwonge?"

Ndinati voti ndi yachinsinsi. Anaganiza kuti ndikuchita nthabwala. Zinanditengera zaka zitatu kuti ndimuuze kuti chinsinsicho ndi ine ndemwe sindichidziwa.

Zotsatira zitatuluka, Mzuzu yense anavina m'misewu. Ine ndinavina nawo, koma mwendo umodzi unkakayika. Pa malo athu aja atambala analipo ochepa kwambiri, ndipo anthu a ku Katoto anatha mwezi akuganizirana kuti kodi anali ndani ndi ndani. Che Yusufu ankanditchulira maina a anthu amene ankawakayikira, ine n'kumangogwedeza mutu kuti eee, anthu ndi ovuta.

A Chavula tinakhala mabwenzi. Tikakumana mumsika ankandiimikira chala chija n'kunena kuti, "Asambizgi, kanalengedwa tsiku limodzi," ine n'kuyankha kuti, "Pang'onopang'ono, bwana," basi aliyense n'kumapita. Tizikumbu sindinasiye kusunga, ndisaname, ndipo chopanira ndimachiiwalabe kusukulu. Koma chaka chotsatira, kutatsala sabata kuti tisankhe pulezidenti, NyaHarawa anatenga chitini chonse n'kukachikhuthula yekha ku Kaning'ina. M'mawa wa tsiku lovota anandiyendera zala zonse khumi pakhomo, anandipisa m'matumba, n'kundilanda kampango.

"Mukafuna kulira," anatero, "mupukutire tayi."